Tambala wa Chinkhoswe ndi Mapiritsi a Kodini

Lolemba
Njinga yandigwetsa ndi dengu la manachesi pamtsetse wa kwa Nthache. Nthiti ikuwawa, chifuwa chouma nacho chakana kuchoka. Koma Loweruka kuli chinkhoswe cha Yohane, mwana wa mlongo wanga, ndipo nkhoswe ndine. Wopereka tambala kwa akuchikazi ndine, woyankhula ndine. Mng'ono wanga Fanuwelo udindowu akuusirira kuyambira kale. Alembe m'madzi.

Lachiwiri
Kuchipatala pa Boma andipatsa kodini. Adokotala akuti ndi m'bale wake wa mofini, mankhwala amphamvu opha ululu, amachokera ku maluwa otchedwa popi, ndipo amagoneka ululu ndi chifuwa chomwe. Malamulo: osaonjeza, osamwa mowa, osakwera njinga, masiku ochepa okha chifukwa thupi limazolowera. "Amabweretsa tulo ndi kudzimbidwa, bambo." Tulo? Ine amene ndimachezera pamaliro osaphethira?

Lachitatu
Chifuwa zii! Nthiti zii! Ndikuyeserera mawu anga pamaso pa mbuzi, pansi pa mtengo wa mango. Ndikudzidzimuka dzuwa litapendeka, mbuzi zikumaliza chipewa changa. Kutopa chabe.

Lachinayi
Kuchimbudzi ndikungopitako kukacheza. Mayi akunyumba akuti ndidye mapapaya ndi kumwa madzi ambiri. Ndadya manachesi ogulitsa aja. Dengu latsika, m'mimba mudakali gwa.

Lachisanu
Fanuwelo wabwera, akuti kudzandizonda, koma maso ali pa jekete langa. "Achimwene, zikakuvutani ine ndilipo." Ndamuyankha mwamphamvu, kungoti yankholo ndalimalizira kutulo.

Loweruka
Chifuwa chisandichititse manyazi pamaso pa akuchikazi. Ndamwa mapiritsi awiri m'malo mwa limodzi, adokotala sali pano. Ndakhala kutsogolo, tambala m'khwapa. Azimayi akuchikazi akubweretsa atsikana ofunditsidwa zitenje kuti tiloze wathu. Woyamba si iye. Wachiwiri...

Ndikudzutsidwa ndi nthungululu. M'khwapa mulibe kanthu. Tambala ali padenga, ana akumuthamangitsa ndi nsungwi. Fanuwelo waima pakati pa bwalo atanyamula msoti wa akuchikazi, anthu akumuwombera m'manja. Mayi akunyumba akuti mkonono wanga unamveka mpaka nthawi ya pemphero.

Lamulungu
Mapiritsi otsala mayi abisa, akuti akawabweza kuchipatala mawa. Yohane wadzandiona, akuti mawu a malume ake aang'ono anali okoma, ndipo akuchikazi akuti nkhani zonse za banjali azikambirana ndi iwowo. Zandiwawa kuposa nthiti. Koma tinene chilungamo, mankhwalawo ndi abwino. Chinkhoswe chonse sindinatsokomole ngakhale kamodzi.