Pampu Yatsopano ya Don Nicasio

Ku San Anselmo, katauni ka pakati pa minda ya nzimbe kaja, aliyense ankadziwa kuti Don Nicasio akayang'anitsitsa chinthu chako, uyambiretu kutsanzikana nacho. Wakuba sanali, ndipo munthu wowatchula dzina limenelo akanamenyedwa ndi msewu wonse. Kungoti maso awo ankaona sipeya ya galimoto paliponse. Kugalaja sanapondeko, ndipo kugula sipeya ankati ndi ulesi wovala jekete.

Galimoto yawo inali yobiriwira, ya chaka cha 1953, yaitali ngati bwato, yosiyiridwa ndi bambo awo. Ankaitchula kuti Dona. Nthenda za Dona zinali zambiri, koma yaikulu inali pampu ya petulo, kachitsulo ka m'mbali mwa injini kamene kamayamwa petulo m'thanki n'kumwetsa injiniyo. M'kati mwake mumakhala kachikopa kotukuka ngati khosi la chule, ndipo kakang'ambika, galimoto imatsokomola kawiri n'kuima pomwepo.

Amene ankazidziwa bwino zonsezi anali a Ovidio ometa tsitsi, mlongo wawo wa a Herminia, akazi a Don Nicasio. Nyumba zawo zinali zogundana. Kwa zaka makumi anayi, Loweruka lililonse, a Ovidio ankapatsira sipanala, kugwira paipi ndi kukankha galimoto, koma bawuti ngakhale imodzi sanaloledwe kuipotoza.

"Manja ometa ndevuwo akhale kutali, alamu," ankatero Don Nicasio. "Dona si chibwano."

Lamlungu lina a Herminia akulowa m'tchalitchi, korona wawo wopempherera anagwa pansi, kenako chipeso, kenako makiyi. Atatembenuza chikwama chawo chachikopa cha paukwati, anapeza chibowo pansi pake.

"Bambo inu, chibowo ichi chachokera kuti?"

"Makoswe, mayi."

"Makoswe odula mozungulira chonchi ngati mwezi?"

"Makoswe a masiku ano ndi ophunzira."

Chaka china yobooledwa inali ng'oma yaikulu ya gulu lovina pa chikondwerero cha tauni. Mwini ng'omayo anabwera thukuta lili kamukamu, akukalipa kuyambira pakona. Don Nicasio anamugwira dzanja, n'kumufikitsa pa injini imene inali kulira.

"Tchera khutu, mwanawe. Ukumva? Ng'oma yako ikulirabe, ndipo lero ikusunga nthawi bwino kuposa mmene umaimenyera iwe."

Koma nkhani imene anthu amaikambabe ndi ya ukwati wa mwana wa a Zoila, ogulitsa khofi pawindo aja. Dona ananyamula mkwatibwi, ndipo atangodutsa njanji pampu inafa. Don Nicasio sanade nkhawa. Anasolola paipi, mbali ina n'kuilowetsa mu kabureta, polowera petulo mu injini, mbali ina m'chigubu cha petulo, kenaka anayang'ana alamu awo amene anali mu suti yoyera.

"Kwerani padenga."

"Ine?"

"Petulo satsika yekha ngati sali pamwamba. Kwerani, mkwatibwi akukalamba."

Analowa m'tauni choncho, hutala akulira, ometa tsitsi ali tsonga padenga, chigubu chili m'mwamba.

"Kwezani, alamu!"

"Mkono wafa!"

"Muli nayo iwiri!"

Alendo ochokera kutali anaomba m'manja, akumaganiza kuti ndi mwambo wa kuno.

Mwana wa Don Nicasio, Reinier, amene ali ku Miami, atamva zimenezi anachita manyazi, ndipo anatumiza pampu yatsopano yonyezimira, ili m'katoni yake pamodzi ndi gasiketi, kachipepala kolimba kotsekera mpata pomangira pampu ku injini. Don Nicasio anaitulutsa, anainunkhiza, anaibwezera, n'kuiika pamwamba pa kabati ya zovala. Inakhala pamenepo zaka zisanu ndi zinayi.

"Mwana wakutumizirani, bwanji osangoika?" a Ovidio anafunsa tsiku lina, msana ukuwawa ndi kukankha.

"Ndikaika, Loweruka ndizichita chiyani? Ndizicheza ndi inu?"

Don Nicasio anamwalira Lachiwiri m'mawa, ali pampando wawo pakhonde, khofi asanammalize. A Herminia anawalankhula kwa nthawi ndithu za mpunga umene unatha, akumayesa kuti akungowanyalanyaza mwa masiku onse. A Ovidio ataitanidwa anabwera, anaona, n'kubwerera kukatenga lumo ndi sopo. Anawameta ndevu monga ankachitira Lachisanu lililonse. Manja ankagwira ntchito okha. Chimene anaona n'chakuti khutu lamanzere linali ndi mafuta a injini, ndiye analipukuta.

Tauni yonse inkadziwa mawu a malemuwo akuti galimoto ya munthu wina sadzakwera, ngakhale popita kumanda. Maliro anali a teni koloko m'mawa wa tsiku lotsatira. Dzuwa litangotuluka, mnyamata wamkulu woyendetsa lole ya nzimbe anakhala pa chiwongolero n'kupotoza kiyi. Dona anatsokomola kawiri, basi. Anayesanso mpaka batire inayamba kufooka. Amuna anaunjikana pa boneti, aliyense akuyang'ana mnzake.

A Herminia analowa m'nyumba, anakwera pampando, n'kutuluka ndi katoni ya fumbi ija.

"Iwe Ovidio, ika."

"Achemwali, sanandilolepo ine."

"Akuletsa ndani lero?"

A Ovidio anavula jekete yakuda n'kupinda malaya. Anachotsa waya wa batire, anamasula mapaipi awiri, n'kutseka wochokera kuthanki ndi kamtengo kuti petulo asatayike. Anadabwa kuona kuti dzanja likudziwa sipanala yoyenera lisanauzidwe. Bawuti yakutsogolo inamasuka bwinobwino. Yakumbuyo inakana, sipanala inaterereka, ndipo chala chinasupuka pachitsulo. Anaima kaye, mutu uli m'boneti, akudikira kutukwanidwa. Kumene kunamveka kunali kung'ung'udza kwa amayi opemphera m'chipinda. Anapukuta magazi pa buluku n'kuyesanso, ndipo bawuti inagonja.

Pampu yakale itatuluka inangoyasamuka yokha m'manja, chifukwa inali yomangidwa ndi waya. M'kati munali zikopa zitatu zosanjikizana. Chakuda anachizindikira, chinali cha chikwama. Choyera chinali cha ng'oma. Chachitatu chinali chofiirira, chosalala, chokhala ndi timizere ta lumo. Unali lamba wawo wonolera lumo, amene anasowa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo chifukwa cha lambayo anadana ndi kasitomala wawo wakale mpaka munthuyo kusamuka. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kuseka sikunabwere, kulira sikunabwere. Anachiika m'thumba.

Anapala gasiketi yakale ndi mpeni, n'kuika yatsopano. Kamkono ka pampu kanakana kulowa pamalo pake, ndiye anauza woyendetsa lole uja kuti azungulitse injini pang'ono ndi dzanja, mpaka kanakhala. Anamanga mabawuti mosinthanasinthana, kuno pang'ono uko pang'ono, monga anaonera kwa zaka makumi anayi. Anabwezera mapaipi ndi waya, n'kuthira petulo wodzaza kachikho ka khofi mu kabureta.

"Taliza," anatero.

Dona analira ulendo woyamba womwewo. Panalibe kutsokomola kapena kuphulika kumchira. Injini inkangong'ung'udza mwaulemu ngati ya galimoto ya eni ake.

"Akanamva zimenezi akanadzuka kudzaichotsa," a Zoila anatero pawindo lawo. Ena anaseka pang'ono, n'kulekeza msanga.

Anachotsa mpando wakumbuyo n'kulowetsa bokosi. A Herminia anakhala kutsogolo, a Ovidio pambali pawo, woyendetsa lole uja pa chiwongolero. Amuna asanu ndi mmodzi amphamvu anali atakonzeka kale kudzakankha pa chitunda cha kunjanji, koma Dona anangowadutsa ataima m'mbali mwa msewu, malaya ali opinda. Ulendo umene masiku onse unkatha ola lathunthu unatha mphindi zisanu ndi ziwiri. Kumanda anapeza geti lili lotseka, wansembe asanafike, oyenda pansi akadali kutali. Anazimitsa injini n'kukhala momwemo padzuwa, anthu atatu ndi bokosi.

"Zaka makumi asanu ndi ziwiri ndili nawo," a Herminia anatero, maso ali patsogolo, "lero ndi koyamba kufika malo nthawi isanakwane."

A Ovidio anagwedeza mutu. Ankayang'ana mafuta akuda amene analowa m'zikhadabo zawo.

Masiku ano Dona amakhala pansi pa mtengo wa mango, atafunditsidwa nsalu. Loweruka msewu uja umakhala chete moti umamva timatabwa ta masewera a domino tikumenyedwa patebulo nyumba zitatu kutsogolo. Anthu amadutsa pa geti la nyumba ya a Herminia osaima, chifukwa palibe choti aimire. A Herminia amasesa khonde, amaphika nyemba zawo zakuda, n'kupatsa mlongo wawo mbale pamwamba pa mpanda, ndipo onse awiri salankhula zambiri.

Mwezi wathawu kunabwera mlendo wapansi, atavala chipewa cha mlaza, atanyamula kachitsulo kokutidwa m'nyuzipepala. Anaima pakhomo la a Ovidio, amene anali pakati pometa munthu.

"Pepani akulu. Galimoto yandifera kumlatho uko. Andiuza kuti mumsewu muno muli mdala wina amene amadzutsa pampu iliyonse."

"Analimo," a Ovidio anayankha.

"Achoka? Abwera nthawi yanji?"

"Sabwera."

Mlendoyo anayang'ana kachitsulo kake, kenaka anavula chipewa. "Pepani. Ndiye nditani ine?"

"Mupite ku Santa Clara, mukafunefune yogula."

"Ku Santa Clara n'kutalitu, akulu."

"N'kutalidi," anatero a Ovidio.

Anaima pakhomo, lumo lili m'manja, akumuyang'ana munthuyo mpaka anakhota pakona. Atabwerera m'kati anapeza sopo wauma pa tsaya la wometedwa uja. Anaviika burashi m'madzi n'kuyambanso kupaka.