Makoko a mazira ndi khosi la amake Tadala

Zaka makumi awiri ndinaphunzitsa Bayoloje, koma impso za mkazi wanga ndinatsala pang'ono kuziwononga ndekha ndi supuni.

Amake Tadala anayamba kudandaula kuti mafupa akuphwanya. Ine, katswiri wa pakhomo, ndinagamula kuti kasiyamu wachepa. Ndinayamba kusinja makoko a mazira n'kumawathirira m'phala. Zitakanika ndinawonjezera mapiritsi a kasiyamu. Kenako ndinalamula kuti Loweruka lililonse tizikwera Phiri la Zomba wapansi, awothe dzuwa, vitamini D azikoka kasiyamuyo bwino. (Iwo ankangoti "chabwino bambo" ndi mawu aja otanthauza kuti sichabwino.)

Loweruka lachitatu, tisanafike ku damu la Mulunguzi, anakhala pansi pamsewu, ludzu lili tho, mutu ukuwaza. Amayi ogulitsa masitiroberi ndiwo anatiimitsira galimoto, akundiyang'ana ngati ndaba mbuzi. Pamenepo ndinachita mantha enieni.

Kuchipatala tinapeza dokotala wamkazi, Esinati, amene ndinamuphunzitsa Fomu 3. Atawona zotsatira za magazi anati impso zayamba kufooka, kenako anayamba kuwapapasa pakhosi.

"Mwanawe, impso zili kumsana," ndinamukumbutsa.

Sanaseke, mwana woleredwa bwino. Anajambula papepala timatupi tinayi tonga njere za mpunga, tobisala kuseri kwa chithokomiro. Anati timatulutsa homoni yolamulira kasiyamu. Ikakhala pamuyezo imathandizanso timitsempha ta magazi ta mu impso kumasuka. Koma kamodzi mwa timatupito kanali katalusa, kakukokolola kasiyamu m'mafupa n'kumuthira m'magazi. Kasiyamu akasefukira chonchi timitsempha tija timafinyika, impso zimalandira magazi ochepa, ndipo bipi imakwera. Mafupa ankaphwanya chifukwa ankaberedwa, ndipo ine ndinkathira madzi mumtsinje wosefukira kale.

Ndinamvetsera kukamwa kuli yasa. Chibadwire sindinamvepo phunziro lomveka chotero, ndipo ndinamunyadira mwanayo mpaka misozi.

Kenako anafunsa zomwe akhala akudya. Amake Tadala anafotokoza zonse, mazira, mapiritsi, ngakhale phiri, osasiya kanthu.

Ndinafunsa motsitsa mawu kuti zimenezi anaziphunzira kuti.

"Zinalimo m'buku lathu lija, aphunzitsi," anatero Esinati mwaulemu. "Tsamba limenelo munati tidumphe, silibwera pamayeso."

Kathupi kolusako anakakachotsa ku Blantyre, impso zinapulumuka. Masiku ano ndikangoyandikira mbale yawo ya phala, amake Tadala amaiphimba ndi dzanja.