Mwana wa Nang'omba M'chipewa Changa

Anzanga, usiku wathawu ndinalota ndikupita kukagwetsa mtengo wa tsanya uja wa kudambo, womwe ine ndi mlamu wanga Lufeyo tinapangana kuti tiotche makala. Tinkadziwa kuti mumagona nang'omba, koma makala ndi makala. Ndiye nkhwangwa inatsokomola paphewa panga.

"Achimwene, mwini nyumba mwamufunsa?"

"Iwe ntchito yako n'kudula, osati milandu," ndinaikalipira.

Mwadzidzidzi mtengo uja unali ndi chitseko, ndipo anatsegula nang'omba mwini wake: chimbalame chakuda bii, khosi psuu, nsidze zoposa za akazi anga. Ine mantha ayi, chidwi chokhachokha.

"Mayi, kodi huu-huu wanu wa mbandakucha uja, womveka kutsidya, amachokera pati?"

"Pathumba ili," anatero akugwedeza khosi. "Lowani, koma musaponde mwana."

M'mphakomo munali mwana mmodzi yekha, wadazi, wonyansa ndithu. Ndinafunsa kuti ena ali kuti.

"Ena ati? Ndimaikira mazira awiri, wokula ndi mmodzi. Winanso mwina pakatha zaka zisanu. Inu nkhuku zinakupusitsani."

Ndiye tinangopezeka tili mu ofesi, pamzere wofuna chiphaso chokhalira mumtengo. Bwana wa pamenepo anavula magalasi, mwadzidzidzi n'kusanduka nyani, tayi ali m'khosi. Mlembi wake anasanduka chiswe n'kuyamba kudya fomu yathu.

"Mbalameyi isamukire mumtengo wina," anagamula nyani uja.

"Uti? Yamphako yonse ili m'matumba a makala pamsewu," nang'omba anayankha.

Ndiye chidindo chinalumpha chokha n'kundidinda pamphumi. "Wogwetsa ndi uyu!"

Manyazi anandigwira. Nang'omba anandipatsa mwana uja. "Poti nyumba mukuifuna, mlereni inuyo."

Ndinamuika m'chipewa. Ndinkafuna kufunsa kuti amadya chiyani, koma anali wofunda, ndipo kamtima kake kankagunda m'manja mwanga, go, go, go, kugundako kukukulirakulira.

Ndinadzidzimuka dzuwa litatuluka kale. Go, go, go uja sanasiye. Ankachokera kudambo. Pakhomo nkhwangwa panalibe. Lufeyo anali atatopa kundidikira.

Ndinathamanga wopanda nsapato, ndikukuwa dzina lake ngati wamisala. Mwayi wake tsanya ndi mtengo wouma mutu, ndinaupeza utangotemedwa mbali imodzi. Ndinaukumbatira.

Mlamu sakundilankhula chim'mawire. Koma nditaika khutu pamtengopo, m'mphako muja munali kanthu kakulira.