Achimwene Asahel ndi Thanthwe Lawo

Aliyense wa kuno kumapiri a Virginia amene anawadziwa achimwene anga, a Asahel Pruett, akuuzani zomwezi: zaka makumi anayi akujambula zithunzi, koma chojambula chake chimodzi basi, thanthwe lija lopindika ngati mlatho pamwamba pa mtsinje. Analiona akali mnyamata mu 1815, mtima n'kukakamira pomwepo. Kukwatira sanakwatire. Akafunsidwa ankati, "Mkazi wake uti angakhale chete tsiku lonse ine ndikumuyang'ana?"

Ine ndine Lavinia, mlongo wawo, mwini nyumba ya alendo pamene pamaima ngolo za akavalo. M'mawa uliwonse ankanyamula chinsalu, maburashi ndi timabotolo ta utoto, n'kudzera kukhitchini kwanga kudzaba buledi wa chimanga.

"Achimwene, thanthwe lomwe lija? Si munalijambula dzulo?"

"Iwe sudziwa kanthu. Dzulo linali lokwiya. Lero ladzuka bwino."

Tsiku lina abusa a Whitlock anawanyengerera kuti awajambule nkhope. Anakhala pampando masiku atatu, kolala itawathina pakhosi. Chithunzi chitatha, mpingo wonse unakhamukira kudzaona. Pamphumi panali ming'alu, m'masaya muli ndere, pamutu patamera kamkungudza.

"Bambo Pruett, ameneyu ndi ine?"

"Ndakukometsani, abusa. Mwala sukalamba msanga ngati inuyo."

Mayi busa anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo chithunzicho anakachipachika pabalaza pawo.

Kunabweranso bwana wina wa ku Philadelphia, wa chipewa chachitali, akufuna chithunzi chachikulu cha m'chipinda chodyera. Achimwene atamuonetsa chimodzi, anachiyang'ana n'kunena, "N'chokongola, koma muonjezepo ng'ombe ziwiri ndi mtsikana wotunga madzi." Achimwene anamupirikitsa ndi burashi mpaka pangolo, jekete lonse madontho obiriwira okhaokha. Woyendetsa ngoloyo anaifalitsa nkhaniyi mpaka ku Richmond.

Kenako maso a achimwene anayamba kuchita khungu. Poyamba ankabisa. Ankapaka mitambo utoto wa dothi, mtsinje n'kukhala wofiira, ndiye n'kutiitana: "Mwakuona kuwala kwa kunsi kwa mlathoku?" Ife tonse, ine, abusa, ngakhale a Hezekiah osula zitsulo amene sankanamiza munthu, tinkangovomera, "Eee, chotere sitinachionepo." Chaka chomaliza ndinkawatsogolera ndine, atandigwira mkono. Utoto sankatenganso. Ankangotsamiritsa zikhatho pamwalapo n'kumandifunsa, "Mthunzi wafika pati?" Ine n'kumawauza.

Lachinayi lina mu Novembala anaima pakhomo la khitchini atavala kale chikhothi.

"Lavinia, tiye. Masamba ayoyoka, lero likuoneka lonse."

Ndinali ndi alendo khumi ndi awiri, nyama ya nkhumba ili pamoto.

"Mawa, achimwene. Thanthwe silithawa."

"Ilo ayi," anatero, n'kuyamba kumasula mabatani pang'onopang'ono.

Mawa lakelo kunagwa chipale chofewa, njira yotsikira kumtsinje n'kutsekeka. Chifuwa chinawagwira, ndipo Lachiwiri tinawaika m'manda.

M'chipinda mwawo tinapezamo zithunzi zoposa mazana awiri, zina zitasanjidwa kunsi kwa bedi. Anthu anagawana. Lero mukalowa nyumba iliyonse ya kuno, ngakhale m'khola la akavalo la a Hezekiah, mupeza thanthwelo lili pakhoma. Zofiira zija, za maso akhungu, palibe anazifuna, ndinatenga ndine.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Kanjira kawo ka chidule kodutsa kuseri kwa tchalitchi kanamera minga, ndipo m'mawa kuno kumakhala zii, palibenso wokangana ndi nyengo pamsewu. Alendo amabwerabe, ena atanyamula utoto wawo. Akandifunsa njira ndimawalozera ndili pakhonde. Pobwerako amandiuza kuti thanthwelo n'lokongola zedi, n'kundifunsa ngati ndimapitako kawirikawiri. Ndimawayankha kuti kukhitchini kumandichulukira ntchito.