Mmene Ndinaphera Telala Wathu pa Mlatho wa Liwonde

Mpaka lero, galimoto ikaima pakhomo panga injini osazimitsa, m'mimba mumandiwira. Ana anga amati ndi shuga. Si shuga iyayi, ndi buku. Nkhaniyi ndaibisa zaka zambiri, koma poti ambiri amene inawakhudza anatsogola, lekani ndiulule ndekha uchitsiru wanga.

Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Nsanama. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, zimene munthu ukafuna kuseka unkayamba wayang'ana kumbuyo. Kwathu kuno zinali zonyanya chifukwa malire ali pafupi. Wina akangokutchula kuti chigawenga, mawa lake anthu ankadutsa pakhomo pako ngati sakukudziwa.

Ine matenda anga anali kuwerenga. Ku Balaka kunali wansembe wina wachizungu, wokalamba, amene ankandibwereketsa mabuku ndikapita kukaona achemwali anga. Tsiku lina ananditulutsira chibuku chonenepa ngati njerwa.

"Aphunzitsi, ili ndi lovuta," anatero Abambowo. "Amene analemba anapeka dziko lakelake. Anapeka milungu yake, mafumu ake, ngakhale zilankhulo zake. Muno muli chiyambi cha dzikolo ndi nkhondo zake zakale. Kwathu ambiri amalisiyira panjira."

Ine kungomva kuti azungu eni ake amalephera, ndinalilandira ndi manja awiri (kudzimva kumeneku ndi kumene kunandigwetsa m'mavuto, ndikuvomera).

Bukulo linali lokoma, koma lozunguza mutu. Mayina! Mfumu, mwana wake, mphwake ndi mdzukulu wake, onse mayina ofanana, kusiyana chilembo chimodzi chokha. Wina ukangomuzolowera, wasintha dzina chifukwa wawoloka nyanja. Ndikawerenga masamba khumi ndinkabwerera m'mbuyo asanu ndi atatu, kufufuza kuti amene wafayu ndi ndani ndipo akulira maliro ake ndi achibale kapena adani.

Ndiye nzeru zauphunzitsi zinandibwerera. Ndinatenga kope latsopano n'kuyamba kulemba nkhaniyo mwachidule m'Chichewa, koma m'malo mwa mayina ovutawo ndinkaikamo a anthu amene ndikuwadziwa. Mfumu ina yolimba mtima koma yosamva za anthu ndinaitcha Che Jafali, telala wa pa Nsanama, chifukwa khalidwe lawo linali limodzi. Mdani wa mfumuyi anali wolamulira wina wankhanza, koma ameneyo sindinamupatse dzina. Munalinso chimphona chimene chinkaima pa chipata cha phiri, kukaniza aliyense wopanda chizindikiro kudutsa. Chimenecho sindinavutike nacho: ndinachitcha Che Mdoka, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, amene ankaima pa chipata cha msika kufunsa makadi.

Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwinoko. Koma ndinasinthanso mayina a malo. Mtsinje waukulu wa m'bukumo ndinautcha Shire, mlatho wake Liwonde, dziko la kum'mawa Nayuchi. Ndinajambula mapu okongola, mivi yofiira ikusonyeza kolowera ankhondo. Pansi pake ndinalemba ndi dzanja langa labwino lija la pa bolodi: "Ankhondo alowera ku Nayuchi. Che Jafali awatsogolera. Nkhondo yaikulu pa mlatho wa Liwonde, Che Jafali aphedwa. Kenako wolamulira wankhanza uja agwetsedwa pa mpando."

Akazi anga analiona kopelo tsiku lina akupukuta patebulo.

"Bambo a Rozi, mwayamba kulemba anthu amoyo m'makope?"

"Ndi zamaphunziro izi, simungazimve."

"Ine sindingazimve, koma alipo ena amene angazimve kuposa inuyo," anatero, n'kupitiriza kupukuta.

Loweruka lina masana ndinapita kwa Che Jafali kukayezetsa thalauza. Kope ndinali nalo m'manja, chifukwa ndinkayenda nalo paliponse ngati chiphaso. Ndinaliika pa benchi kuti andiyeze m'chiuno. Tinacheza za mvula, za mtengo wa nandolo, ine n'kukwera njinga ulendo wa kunyumba, ndikuimba likhweru.

Kope lija ndinalikumbukira ndikutsamiritsa njinga pakhoma la nyumba. Ndinatembenuza njinga ija n'kupalasa ngati ndikuthamangitsidwa ndi njati. Pofika pa khonde la Che Jafali ndinapeza makina ataphimbidwa ndi nsalu, benchi ili mbee. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pafupi pomwepo anandiyang'ana mwachisoni.

"Ngati mukufuna atelala, apita kwa atcheyamani. Anyamula kakope, akuyenda ngati aponda moto."

Apa tsopano mumve zimene mantha amachita ndi munthu wophunzira. Ndinabwerera kunyumba mutu ukungondiuza chinthu chimodzi: abwera kudzafufuza, asapeze kalikonse. Ndinalowa m'chipinda, kutenga chibuku cha Abambo chija, kuthamangira kuseri, n'kuchiponya m'chimbudzi. Ndinamva chikufika pansi, phwa! Ndinapumira m'mwamba ngati ndagwira ntchito yotamandika.

Potuluka ndinakumana ndi akazi anga atagwira m'chiuno.

"Mwataya chiyani?"

"Umboni."

"Umboni wokumangitsani kapena wokumasulani?"

Ndinabwerera m'chimbudzimo kukasuzumira pa dzenje (musandifunse kuti ndinkayembekeza kuona chiyani). Chinthu chokhacho pa dziko lonse chimene chikanasonyeza kuti nkhondo ya pa Liwonde inali yopeka chinali pansi, mamita angapo, pamalo posafikika ndi mbedza.

Lamulungu lonse palibe anabwera, ndipo kumeneko ndiye kunali kuzunzika kwenikweni. Kutchalitchi ndinaimba mokweza kuposa kwaya. Anthu amene ankandipatsa moni masiku onse anayamba kuchita chidwi ndi nsapato zawo. Akazi anga anandipindira bulangeti, sopo ndi malaya awiri m'kachikwama, n'kukaika kuseri kwa chitseko. Nditakaona kachikwamako ndi pamene ndinazindikira kuti nkhaniyi si yanga ndekha. Ndikapita, nyumba ya sukulu awatulutsamo, ndipo Rozi anali asanayambe n'kuyenda komwe.

Lolemba ndili pakati pophunzitsa masamu, galimoto ya polisi inaima pabwalo la sukulu, injini ikulirabe. Choko chinandithyokera m'manja.

Kupolisi anandilowetsa m'kachipinda momwe munali bwana wina wovala zawamba, wa maso otopa, kope langa lili chitsegulire patsogolo pake. Kumbali kunakhala Che Mdoka, atatupa ngati finye. Pakona panali Che Jafali, chisoti chawo cha kofiya chili m'manja. Iwo anakapereka kope kuti adzipulumutse, koma poti dzina lawo linali pamwamba pa ankhondo, nawonso anawasunga.

"Aphunzitsi," anayamba bwanayo mofatsa, "ankhondo awa alipo angati?"

"Ndi ambiri, bwana, koma kulibe."

"Ndi ambiri koma kulibe."

"Eya bwana. Ndi a m'buku."

Che Jafali analephera kupirira. "Walahi bwana, ine mfuti sindinaigwirepo chibadwire! Ine ndi sizasi ndi ulusi basi. Aphunzitsi, ndinakulakwirani chiyani ine? Mwandiika kutsogolo kwa nkhondo, kenako mwandipha pa mlatho. Ana anga asanu ndi awiri adya chiyani?"

"Mumafa mwaulemu, Che Jafali," ndinatero, poganiza kuti ndikuwatonthoza. Sizinathandize.

"Nanga ine?" anabangula Che Mdoka. "Palembedwa apa kuti chimphona. Ine chimphona?"

Apa ndinanama, ndipo sindinalapebe. "Atcheyamani, chimphona chimenecho ndiye mlonda wokhulupirika wa dziko lonse. Popanda icho adani akanalowa kalekale. Ndinafunafuna munthu woyenera ulemu umenewo, ndinapeza inu nokha."

Che Mdoka anakhosomola n'kukonza kolala. Anaphwa pang'ono.

Bwana uja sanaseke. "Chabwino. Bukulo lili kuti?"

Ndinayang'ana pansi. "Lili m'chimbudzi, bwana."

"Mwaliiwala m'chimbudzi?"

"Iyayi, lili m'kati mwenimweni. Pansi."

Anatseka kope pang'onopang'ono. "Aphunzitsi, inu ndi munthu wophunzira. Tandiuzani, munthu wosalakwa amataya buku m'chimbudzi?"

Ndinayamba kuona ndende m'maso mwangamu, ija anthu ankangoitchula monong'ona. Kenako ndinatchula za wansembe wa ku Balaka, kuti buku linali lake ndipo nkhani yonse akuidziwa. Bwanayo anaimirira.

"Tiyeni. Inunso a mtsogoleri wa ankhondo, kwerani."

Che Mdoka anatsala. Ine ndi Che Jafali anatikweza kumbuyo. Galimoto itayandikira mlatho wa Liwonde, Che Jafali anatsinzina, kugwira chitsulo ndi manja onse awiri, n'kuyamba kupemphera mokweza m'Chiarabu. Titawoloka anatsegula diso limodzi, kudzigwiragwira pachifuwa, n'kundiuza m'Chiyawo mawu amene sindingawalembe pano.

Ku Balaka anatisiya pakhonde la nyumba ya ansembe, wapolisi akutilondera, bwana n'kulowa yekha. Ndinamva pambuyo pake kuti anawauza Abambo afotokoze nkhani ya m'bukumo asanaone kope, iye akutsatira ndi chala m'zolemba zanga. Panatha nthawi yokwana kuphika nyemba. Kenako anatiitana.

Tinapeza Abambo atavala magalasi, kope lili m'manja, nkhope itafiira.

"Aphunzitsi, mwalakwa kwambiri!"

Ndinati basi, nawonso andikana.

"Uyu wofera pa mlathoyu mwalemba kuti ndi mwana wa mfumu yoyamba. Si mwana, ndi mdzukulu! Mayi ake ndi aja anachokera kutsidya la nyanja."

Munthu wanzeru akanati pepani Abambo. Koma ine, ndili pakamwa pa ndende, ndinamva mutu ukutentha.

"Iyayi Abambo, wochokera kutsidya la nyanja ndi mkazi wa mphwake. Mwasokoneza."

"Ndawerenga kanayi buku limeneli!"

"Ndiye mwasokoneza kanayi!"

Tinakanganadi, kulozerana zala pa mapu, mpaka Abambo anatenga pensulo kuyamba kukonza mivi yanga. Che Jafali ankangotembenuza mutu uku ndi uku, kumva anthu akukangana za mayi awo. Pofika pa nkhani ya chipata cha phiri Abambo anati, "Koma apa mwakhoza. Ichi ndi chimphona chija chopusa, chodya anthu apaulendo."

Bwana anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kudenga. Nditabweza maso ndinaona phewa lake likugwedezeka, akudziletsa kuseka.

"Basi, zakwana," anatero. "Ndafunsapo anthu ambiri pa ntchito yangayi. Zigawenga sizikangana za agogo a anthu amene kulibe." Anatenga kope n'kuliika m'thumba la jekete. "Ili likhala kwa ine. Mu lipoti ndilemba kuti mphunzitsiyu mutu wake suyenda bwino chifukwa chowerenga kwambiri. Musatsutse. Mawu amenewo ndi amene akugonetseni kunyumba kwanu lero."

Sindinatsutse. Aka kanali koyamba sabata imeneyo kuchita chinthu chanzeru.

Tikutuluka, Abambo anandigwira pamkono. "Mukamaliza mundibwezere buku langa, aphunzitsi. Ndi mphatso yochokera kwa mlongo wanga."

Che Jafali ndi amene anayankha, mokondwa ndithu, kufotokoza kumene bukulo linali. Abambo anavula magalasi, kuwapukuta nthawi yaitali, n'kungoti, "Linayenda ulendo wautali kuti likathere kumeneko." Mawu amenewo anandipweteka kuposa mafunso onse a kupolisi. Sanandibwereketsenso buku lina, ndipo sindiwada.

Pobwerera, bwana anandikweza kutsogolo. Tinayenda mpaka kupitirira Liwonde. Kenako, maso ali pamsewu, anafunsa motsitsa mawu kuti dalaivala asamve bwino:

"Ndiye wolamulira wankhanza uja anagwadi?"

"Sindikudziwa, bwana. Ndinalemba mongoyembekezera. Bukulo ndinali ndisanamalize kuwerenga."

Anatsonya.

Zotsatira zake sizinachedwe. Dera lonse linadziwa kuti boma latsimikiza kuti ndine wozungulira mutu, ndipo makolo ena anapempha kuti ana awo asamutsidwe m'kalasi mwanga. Che Jafali anandisokera thalauza lija, mwendo wina utafupika ndi zala zitatu, ndipo ndinalivala choncho zaka ziwiri osadandaula. Che Mdoka okha ndi amene anapindula. Ankaima pa chipata cha msika akudziguguda pachifuwa: "Pano pali chimphona! Ngakhale m'mabuku a azungu ndilimo!" Palibe anawauza zoona, ine ndiye sindikanayerekeza.

Chaka chatha Rozi, amene tsopano ali ndi ana akeake, anandipezera buku lomwelo m'tauni. Ndinalumbira kuti ulendo uno ndiwerenga ngati munthu wamkulu, popanda kope. Ndinapirira masamba makumi atatu. Kenako mafumu aja anayambanso kufanana, ndipo dzanja linapita lokha ku cholembera.

Koma ndinaphunzirapo kanthu, musandiyese chitsiru chenicheni. Anthu amoyo sindiwalembanso. Pano ndikugwiritsa ntchito mayina a nsomba za m'nyanja ya Chiuta. Pamene ndafika, Mlamba wapha Chambo pa mlatho, Matemba athawira kumapiri, ndipo akazi anga ayamba kubisa kopelo alendo akamabwera.