Kufunafuna Agogo Watisoni

Lolemba

Mushopu yathu ya mafuta onunkhira ku Dubai Mall mwalowa gogo wamkazi wachizungu, tsitsi lili mbuu. Mabotolo sakuwayang'ana, maso ali pa baji yanga. "Watson! Inenso ndine Watson." Akuti dzinali limatanthauza mwana wa Wat, ndipo Wat ndi chidule cha Walter. Kale kwawo ku Mangalande anthu analibe mayina a banja, ankangoti mwana wa uje, mpaka dzinalo linakakamira n'kumatsikira kwa zidzukulu. Akundigwira dzanja, akuseka, akuti mwina ndife pachibale. Wagula kabotolo, wapita.

Pachibale! Tsiku lonse ndikupopera makasitomala mafuta olakwika.

Lachiwiri

Mu sitima ya metro ndikufufuza pa foni. Akuti Walter ndi wolamulira gulu lankhondo. Ndiye n'chifukwa chake bambo ankayenda mothimbwidzika popita kudimba! Ndikatsinzina ndikuona nyumba yamiyala pamwamba pa chitunda, nkhosa zonenepa, mvula yowaza kuyambira m'mawa. Munthu wina akutsegula chitseko, akuti takhala tikukudikirani.

Zochita sabata ino:
kufunsa azakhali ku Ntcheu za agogo aamuna
kumupezanso gogo uja
kulembera achibale
kugula juzi

Lachitatu

Ndawauza anzanga a m'chipinda kuno ku Hor Al Anz. Aisha, wa pabedi lapansi, akuti, "Inshallah, ukakafika utiitanitse." Mutinta wa ku Zambia sakudzutsa n'komwe mutu: "Iwe, ku Chipata ba Watson ni ambili maningi, palibe olo umozi ali na nkhosa."

Nsanje basi.

Pa intaneti a Watson angoti mbwee. Ndalembera atatu a nkhope zachifundo. Awiri ali zii. Wachitatu amagulitsa matayala, wandibuloka.

Lachinayi

Bwana wa shopu, mayi wa ku Kerala ku India, wabweretsa kontilakiti yatsopano ya zaka ziwiri. Pakamwa panga pakungotuluka mawu okha: ndiyambe ndaganiza, mwina banja lindifuna ku Mangalande. Akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Yalla, ganiza msanga. Loweruka likadutsa, khalas, zatha, ndilemba wina."

Pa nthawi yopuma ndaona tsitsi loyera kutali. Ndalitsatira mpaka pa galasi lalikulu loonerapo nsomba. Si gogo uja, ndi mwamuna.

Azakhali sanayankhe. Foni yawo ili kotchajitsa.

Lachisanu

Ndawerenganso, bola ndikanaleka. Dzina la Wat linali la aliyense: olima, oweta nkhosa za eni, osula makasu. A Wat anali ambirimbiri osadziwana, aliyense ndi ana ake. Nyumba yanga yamiyala yatsika pachitunda, yatsala kachipinda kamodzi. Nkhosa zatsala ziwiri, si zathunso. Koma mvula ikugwabe!

Juzi ndagula, yaubweya. Ndavala pansi pa AC kwa mphindi khumi. Thukuta kamukamu. Aisha akufunsa ngati ndi malungo.

Loweruka

Voisi ya azakhali yafika ndili pa siteshoni. Ayamba ndi kuseka, kenako chifuwa.

"Mzungu wake uti, mwana iwe? Agogo ako ali mnyamata ankafuna kupita ku Joni kumigodi. Atawakweza pa sikelo anawabweza, akuti ndi opepuka. Mnzawo Watisoni anapambana, koma mayi ake analira mpaka iye anasintha maganizo. Agogo ako anangotenga chitupa chake n'kukwera. Zaka zonse kumeneko ankayankha dzina la mwini. Pobwera linali litawakakamira, ana onse anabatizidwa nalo."

Nanga Watisoniyo analitenga kuti? "Kaya. Mwina kumishoni."

Sitima ziwiri zandidutsa ndili chiimire. Kenako ndikukumbuka: lero ndi tsiku lomaliza la kontilakiti. Liwiro! Nsapato imodzi ikuvuka pa masitepe oyenda okha. Ndikupeza mtsikana wina wakhala kale panja pa ofesi, envulopu ili pamiyendo. Bwana akundiyang'ana nthawi yaitali. Akukankha pepala. "Banja silikukufunanso?" Ndasaina. Ndalemba zilembo zonse za dzinalo.

Lamulungu

Kutchalitchi sindikumva ulaliki. Ndikuona kamnyamata koonda pawindo la sitima, chitupa cha mnzake m'thumba, kakubwereza dzina chamumtima kuti kasaiwale akaitana. Kakupita kudziko komwe sikadziwa munthu. Zimenezo ndikuzidziwa, ndipo misozi yatsika pang'ono. Mayi wa pambali panga akuganiza kuti ndi Mzimu.

Madzulo ndaimbira azakhali kufunsa chinthu chimodzi chotsala, dzina lenileni la agogo asanakwere sitima. Akufunsa wina kuseri, akubwerera.

"Sapezeka."

Ndikuti pepani, funsani akuluakulu ena, mwina alipo akulikumbuka.

"Ayi mwana iwe, dzina lawo ndi lomwelo. Sapezeka."

Chabwino. Mawa shifiti ya naini.