Thadzi la amayi m'kabati ya mbale

Anzanga, inu mukundidziwa, ine ndikaona mlendo lilime limauma. Nditayamba ntchito ndinaganiza zowakonzera amayi khitchini kwathu ku Mitundu, poti utsi unali utawafiiritsa maso. Mnzanga wa ku koleji anandipezera a Naphiri a ku Nathenje, katswiri wojambula mapulani a m'nyumba. Pafoni anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti ndisasunthe kalikonse, adzaone mmene timaphikira.

Ine kumva? Munthu wozolowera nyumba za m'tauni adzaone mwaye wathu? Amayi atangopita kudimba ndinayambapo. Mbaula kuseri kwa nkhokwe, mtondo kubafa, nkhuni kwa aneba. Linatsala ndi thadzi la amayi, limene linkafungatira mazira pakona. Ndinalinyamula ndi dengu lake lomwe n'kulitsekera m'kabati ya mbale.

A Naphiri atafika anaunguza khitchini yopanda kanthuyo, n'kufunsa kuti timaphikira pati. Ndinati pamagetsi. Magetsi ake ati, kwathu kuli kasola koyatsa babu limodzi? Anafunsanso ngati amayi amaphika choimirira, ine ndinavomera ndi mutu. Iwo akujambula, ine ndikuona ndi maso angawa khitchini ya amayi ikusanduka ya munthu wina, matebulo ofika m'chifuwa, potulukira utsi palibe.

Kenaka anati ayeze kabati. Ndinaima kutsogolo kwake n'kunena kuti kiyi anasowa. Kabati yopanda loko, anzanga! Mkatimo thadzi linadandaula, ine ndinatsokomola kuti ndiphimbe, koma iwo anali atagwira kale chitseko.

Thadzi linatulukira pamutu pawo, magalasi uko, tepi yoyezera uko, nthenga zili m'wigi. Nthawi yomweyo amayi akulowa, khasu lili paphewa.

"Thadzi langa likufuna chiyani m'mbale? Nanga mbaula yanga yapita kuti?"

Ine ndinangoti zyolii, kuwerenga zala za kumapazi. A Naphiri anaseka mpaka kukhala pansi. Anang'amba zimene anajambula zija, n'kupempha amayi kuti abweze chilichonse pamalo pake, aphike iwo akuonerera. Ine anandituma kukatenga mtondo kubafa.

Koma lero bwerani mudzaone. Chitofu cha njerwa chofika m'mawondo, chumuni chotulutsa utsi, zenera lalikulu, sinki yonyezimira. Amayi maso anayera, ndipo azimayi a kutchalitchi amachita kubwera kudzajambulitsa pamenepo. Chakukhomo kuli kachipinda ka nkhuku yofungatira, kokhala ndi kachitseko kake. Alendo akafunsa kuti nzeru imeneyi ndi ya ndani, amayi amaloza ine.

"Ndi mwana wanga wa ku kolejiyu. Zoika nkhuku m'kabati anayambitsa ndi iyeyu."

Ndimangovomera, poti khitchiniyo ndi yokongoladi ndipo ndinamangitsa ndine. Koma kunamiza munthu wonyamula tepi, amene ntchito yake ndi kutsegula zitseko, ine sindidzayambiranso.